Kujambula agogo a m'malire akusimba za nkhondo ya Matsanga: mmene ntchito ikuyendera

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti ntchito yojambula agogo ija ili pati, ena akuti akufuna ayambe yawo kwawoko, ndiye ndati ndingoika zonse pamodzi mmene zilili m'kope langa, ndi mitengo yomwe. Nkhani yake ndi nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo, zomwe agogo amazitchula kuti Matsanga, yomwe inayamba cha m'ma 1977 n'kudzatha pa 4 Okutobala 1992 atasainirana ku Rome. Ine ndinabadwa itatha kale. Koma kuchimayi kwathu ndi m'mbali mwa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, paja malo ena msewu womwewo ndiye malire, ukaima pa Lizulu ukugula kabichi, tsidya la tala ndi dziko lina. Anthu opitirira 1 miliyoni anathawira kuno ku Malawi nthawi imeneyo, ndipo a ku Angonia, dera la m'chigawo cha Tete lomwe lili tsidya la msewuwo, ambiri sanapite m'makampu, anangolowa m'midzi mwa abale awo, poti ndi Angoni ndi Achewa omwewo, malire anangowadula pakati mu 1891. Ena sanabwererenso. Amenewo ndi amene ndikuwajambula.

Epulo 2024: zida

Ndalama ya rekoda yeniyeni panalibe, ndiye ndi foni yanga yomweyi. Ndinagula maiki yaing'ono yomata pa kolala K18,000, pawabanki K38,000 poti kumudziko magetsi kulibe ndipo kutchajitsa pa sola ya pagolosale uyenera kuisiya foni theka la tsiku, memori khadi ya 32GB K9,000 kwa anyamata a m'mbali mwa msewu (musaiiwale khadi imeneyi, ibweranso), ndi kope la hadikava K3,500. Minibasi kuchoka ku Lilongwe inali cha m'ma K9,000 ulendo umodzi, kenako kabaza wa njinga yamoto K4,000 kulowa kumudzi.

Maiki yesani kunyumba musananyamuke. Yanga inali ndi pulagi yosagwirizana ndi foni, imaoneka ngati yalowa koma foni imajambulabe ndi maiki yake yamkati. Kadaputala kake kanali K2,500 basi, koma kumudzi simungakapeze.

Meyi 2024: kwa amfumu

Simungangofika n'kuyamba kufunsa anthu za nkhondo, ndiye amalume ananditengera kwa amfumu, tinafotokoza bwinobwino, amfumu anavomera, ndinasiya K5,000. Vuto linabwera m'mawa mwake. Uthenga unayenda kuti kwabwera mnyamata wolemba maina a omwe anathawa nkhondo, ndiye podzuka ndinapeza khamu pabwalo, ena atatenga ziphaso za unzika m'manja, ena akufunsa ngati ndi za Mtukula Pakhomo kapena za feteleza. Nditanena kuti palibe cholandira theka linanyamuka pomwepo, ndipo sindiwada, unali mwezi wokolola.

Otsalawo anayamba kusimba onse pamodzi, wina akayamba wina amulanda, mdala mmodzi wamawu akulu n'kumawongola aliyense. Zomwe ndinajambula tsiku limenelo ndi phokoso lokhalokha kuphatikiza mbuzi.

Tinasintha. Kope limakhala m'chikwama, chifukwa munthu akangoona cholembera akuona kaundula. Pabwalo ayi, ndi khomo limodzi pa nthawi, ndipo amene amayamba wapita kukapempha ndi azakhali anga, omwe ndi a Mvano ndipo amadziwana ndi aliyense, ine ndimabwera tsiku lina zitapsa kale.

Juni 2024: mafunso anga anakanika

Ndinali ndi mafunso olemba pa pepala, oyamba ake akuti nkhondo inafika liti m'dera lanu, nanga inayambira chiyani. Agogo aakazi oyamba anangoseka, amvekere "Mwanawe, zimenezo kafunse azibambo, ife timangothawa." Azibambo nawo ukawafunsa choncho amakupatsa nkhani ya pa wailesi, pulezidenti Samora anatere, Dhlakama wa Renamo anatere, zomwe ndikanangowerenga pa intaneti osawononga thiransipoti.

Funso lomwe linatsegula zinthu analibweretsa ndi msuweni wanga wamkazi, anangoti, "Agogo, tsiku lomwe munkathawalo munanyamula chiyani?" Basitu. Agogo aja analankhula osapuma mpaka batire kutsala pang'ono. Mwana kumbuyo, mphika umodzi, khasu lopanda mpini poti mpini ukasema kutsogolo, ndi kachitini ka mchere. Kuchoka pa mchere paja nkhani inalowa ku miyezi yomwe asanathawe, mmene dzuwa likapendeka mudzi wonse umanyamula mphasa kukagona kutchire kapena m'madimba, m'mawa n'kubwerera kudzaona ngati nyumba ilipo, mmene amaphikira masana okha kuti moto usaoneke usiku, mmene mayi amamutsekera mwana pakamwa ndi bere kuti asalire, ndi tsiku lomwe khola lonse la ng'ombe za apongozi awo linatengedwa, anyamata a m'mudzi momwemo n'kuuzidwa kuti aziyendetse okha kupita nazo ku kampu ya zigawenga. Tambala anamupha dala akuti, ankaulula pomwe pali anthu.

Kuyambira pamenepo pepala lija ndinalisiya. Ndimafunsa za zinthu zogwirika, munkadya chiyani, munadzera njira iti, ndani anakupatsani malo omanga, nsapato munali nazo. Za ndale zimabwera zokha pambuyo.

Zina ziwiri za mwezi uno. Mphepo ya Juni ku Dedza simasewera, panja maiki imangomveka fuuu, ndinaiveka kachidutswa ka siponji ya matiresi n'kumanga ndi labala, zinatheka, koma chabwino kwambiri ndi kukhala m'khitchini. Chachiwiri, amayi salankhula amuna awo ali pompo, bambo amayankha funso lililonse ngakhale la kubereka kutchire. Ndiye amayi timawapeza akutong'ola chimanga, msuweni wanga amakhala nawo pamphasa akuthandiza, ine ndimamata maiki n'kuchokapo kukacheza ndi bambo kuseri. Chimanga chimasokosa pang'ono m'lichero koma nkhani zake ndi zina zedi.

Julayi 2024: nkhondo zitatu m'nkhani imodzi

Apa ndi pomwe mutu unandizungulira. Ndikumvetsera zomwe ndinajambula kwa mdala wina, akusimba za ndege zoponya mabomba ndi asilikali achizungu, kenako osapumira akuti Matsanga anawotcha sitolo, kenako akutchula anthu othawira ku Kapise. Ndinadzazindikira kuti ndi nkhondo zitatu izi. Yoyamba ndi ya Frelimo ndi Apwitikizi, ya 1964 mpaka 1974, yomwe ku Tete inakolera kuyambira 1968, ndipo nthawi imeneyonso anthu anathawira kuno. Yachiwiri ndi yathuyi, dzina loti Matsanga likuchokera kwa André Matsangaissa, mtsogoleri woyamba wa Renamo yemwe anaphedwa ku Gorongosa mu 1979, Afonso Dhlakama n'kutenga malo ake. Yachitatu ndi chipwirikiti chaposachedwa chija, pomwe cha m'ma 2015 ndi 2016 anthu a ku Tete anadzaza pa Kapise ku Mwanza mpaka kuwasamutsira ku Luwani. Kwa mdalayo zonsezi ndi nkhondo basi, ndipo chaka ukamufunsa amangoti kale.

Kuwafunsa chaka n'kutaya nthawi, mwinanso amangotchula chilichonse kuti akusangalatse. Ndinalemba kuchikuto kwa kope zinthu zomwe aliyense amakumbuka, ndi zaka zake. Ufulu wa Mozambique, Juni 1975. Imfa ya Samora Machel pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, 19 Okutobala 1986. Kubwera kwa Papa ku Malawi, Meyi 1989. Napolo wa ku Phalombe, Malichi 1991. Chilala cha 1992 chija cha chimanga chachikasu. Riferendamu, Juni 1993. Ndiye ndimangofunsa kuti pamene izi zimachitika Samora anali moyo? Papa anakupezani muli mbali iti? Amayi amakhala ndi kalendala yabwino kuposa yangayi, ana awo. Akati ndinali ndi pakati pa uje, ndimangopempha chiphaso cha ujeyo, chaka chapezeka.

Nditatero zinayamba kugwirizana, ambiri a dera lathuli anawoloka Samora atatsala pang'ono kufa kapena atangofa kumene, 1986 yomweyo, yomwenso ndi chaka chomwe nkhondo inakula kwambiri ku Tete ndi ku Zambézia. Mu Seputembala chaka chimenecho Samora, Kaunda ndi Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamupanikiza Kamuzu kuti Renamo ikudzera m'dziko lake, boma la kuno linkakana. Agogowa msonkhano umenewo saudziwa n'komwe, koma miyezi yake amaidziwa ndi miyendo.

Ogasiti 2024: khadi ija

Memori khadi ya K9,000 inali yabodza. Imalemba 32GB koma mkati mwake munali malo ochepa, ikadzaza imangolemba pamwamba pa zakale mwakachetechete, mafailo amaoneka alipo ndi maina awo, ukatsegula mulibe kanthu. Mnyamata wokonza mafoni anayesa kubweza, K6,000 inapita, anapulumutsa tizidutswa. Zinatayika ndi za anthu angapo a mu Julayi. Za agogo a mchere aja zinapulumuka chifukwa ndinali nditamutumizira mchemwali wanga pa WhatsApp kuti amve.

Panopa khadi ndi ya m'shopu yokhala ndi lisiti, K22,000, ndipo ndinaidzazitsa dala ndi mavidiyo mpaka pakamwa n'kutsegula imodziimodzi ndisanaikhulupirire. Ndikangofika pa netiweki failo iliyonse imakwera ku Google Drive, bandulo yake imandidya cha m'ma K10,000 pa mwezi, ndipo ina imapita mu fulashi yomwe imakhala kwa mchemwali wangayo, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Kubwerera kwa anthu omwewo kuti tiyambirenso zinali zochititsa manyazi, koma panatuluka chinthu chomwe sindinachiyembekezere. Munthu akamasimba kachiwiri sasimba zomwezo. Bambo wina ulendo woyamba anati mchimwene wake anamwalira pa nkhondo, n'kudutsa. Ulendo uno, mwina poti anali atandizolowera, anati mchimwene wakeyo anali sekeletale wa Frelimo m'mudzi, ndipo amenewo ndi omwe Matsanga amayamba kuwafunafuna akalowa, pamodzi ndi aphunzitsi ndi azachipatala, ndiye anthu a m'mudzi anauzidwa kuti amuloze. Anamuloza. Kuyambira apo aliyense ndimamuyendera kawiri ngakhale failo ili bwinobwino.

Seputembala 2024: msilikali, dalaivala, ndi nkhani ya ndalama

Ndinkafuna kumvanso mbali ya Amalawi omwe analowa m'nkhondomo, poti ambiri sadziwa kuti asilikali athu anakakhalako. Kuyambira 1987 a Malawi Army amalondera njanji ya ku Nacala, ija yodzera pa Nayuchi kupita ku Cuamba mpaka kunyanja. Chifukwa chake n'chosavuta, katundu wathu pafupifupi yense amadzera ku Beira ndi ku Nacala, njanji zonse ziwiri zitafa cha m'ma 1984 feteleza ndi mafuta zimazungulira pamsewu kuchokera ku Durban, mtengo wake osanena.

Ndinapeza mdala wopuma usilikali kudzera kwa mnzanga. Funso lake loyamba, "Mundipatsa zingati?" Anati azungu akabwera ndi mafunso amalipira. Ndinaganiza kwa nthawi ndithu, chifukwa ukalipira nkhani, mawa nkhani zimakula molingana ndi ndalama, ndipo agogo omwe anandipatsa zawo ulele akamva ndiye kuti ndawapusitsa. Ndinamuuza zomwe ndimachita kwa aliyense, paketi ya shuga, sopo wamtanda ndi mchere, zokwana cha m'ma K7,000 pa khomo, ndipo ndimapereka pofika osati pochoka, kuti zisaoneke ngati malipiro a zomwe wanena. Anakana. Patapita masabata anandiimbira yekha.

Zake sizinali za kuwombera kwenikweni, zinali za kudikira. Kukwera sitima yoyenda pang'onopang'ono moti munthu wapansi akhoza kuipitirira, mabogi opanda kanthu atawaika kutsogolo kwa injini kuti bomba likaphulika liyambe amenewo, kuima tsiku lathunthu amisiri akulumikiza njanji yomwe yazulidwa usiku, malungo, madzi oipa. Anzake omwe anafera konko anawatchula maina mmodzimmodzi, n'kunena kuti kuno nkhani zake sizinkalengezedwa.

Dalaivala wa thiraki yemwe ankadutsa msewu wa Tete, kuchoka pa Zobue kukatulukira pa Nyamapanda pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ameneyo ndiye wosimba bwino kuposa onse, moti ndimamukayikira pang'ono. Nkhani iliyonse iye ndi amene anapulumutsa anzake. Ndazisunga mmene ananenera, koma m'kope ndimaika chizindikiro pa zomwe munthu anaona ndi maso ake ndi china pa zomwe anangomva, ndipo funso loti inuyo munali pati pamenepo ndimalifunsa mwaulemu koma sindilidumpha.

Okutobala 2024: maina

Ili ndiye gawo lolemera, ndipo amene mukufuna kuyamba muliganizire musanagule n'komwe maiki.

Nkhondo itatha, Mozambique inakhazikitsa lamulo lokhululukira onse mu 1992 momwemo, kunalibe makhoti kapena komiti yofufuza zoona ngati ya ku South Africa. Anthu anangobwerera kukalima moyandikana. Ndiye agogo akamasimba amatchula dzina la munthu yemwe anali mujiba, aja a m'mudzi momwemo omwe ankagwirira ntchito Matsanga, kusonkhetsa ufa ndi kuloza nyumba, ndipo munthuyo ali moyo, kapena ana ake amagulitsa tomato pamsika womwewo, mwina anakwatirana ndi a kubanja lomwe analiloza. Failo yotere ikangolowa pa gulu la WhatsApp la kumudzi ndiye kuti ndayatsa moto ine n'kukwera minibasi kubwerera ku tauni.

Zomwe ndikuchita ndi izi. Failo iliyonse ili ndi nambala osati dzina, ndipo kope lolumikiza nambala ndi munthu silichoka kunyumba. Pali makope awiri a mawu, lathunthu lomwe silipita kwa aliyense, ndi lina lomwe ndadula maina a anthu ndi a midzi ing'onoing'ono pa Audacity, pulogalamu yaulere koma imadya nthawi. Chilolezo sindisainitsa pepala, ambiri salemba ndipo kudinda chala kumawakumbutsa zina, ndimajambula mawu awo akuvomera, poyamba komanso pomaliza, chifukwa munthu amavomera asanadziwe zomwe pakamwa pake patulutse. Mayi wina anatumiza mdzukulu patapita masiku kuti zija mufufute. Ndinapita n'kufufuta iwo akuona, ndi pa Drive pomwe. Zinandiwawa, inali imodzi mwa zabwino kwambiri, koma ndi yawo.

Mwezi womwewu ndinacheza ndi bambo wina yemwe anagwidwa ali mnyamata wa zaka ngati 13 akuweta ng'ombe. Anayamba ndi kunyamula katundu, matumba a ufa, malata ozula pa sukulu, mabedi a pachipatala, ulendo wa masiku osadya zokwanira, wotopa n'kukhala pansi samadzukanso. Anafika pomwe anamupatsa mfuti n'kusiya kulankhula. Anangoyang'ana maiki ija pa kolala yake. Ndinafunsa, "Bambo, ndizimitse?" anagwedeza mutu, ndinazimitsa n'kuichotsa, tinakhala choncho mpaka mkazi wake anabweretsa mbatata. Zomwe ananena pambuyo pake foni ili m'thumba sindinazilembe paliponse ndipo sindizilemba. Chomwe analola kuti chijambulidwe ndi mmene anabwererera, kuti asanalowe m'nyumba ya mayi ake anamutengera kwa sing'anga kukamusambitsa, zovala zomwe anabwera nazo n'kuziwotcha, ndipo kuchokera tsiku limenelo pabanja pawo nkhaniyi sinatchulidwenso.

Ndinawerengako za lipoti la Robert Gersony la 1988, yemwe boma la America linamutuma ndipo anacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200, ena kuno ku Malawi, n'kupeza kuti nkhanza zochuluka zinali za Renamo, ndipo anayerekeza kuti anthu wamba omwe inapha akhoza kufika 100,000. Zambiri zomwe ndikumva zikugwirizana nazo. Koma agogo anga a ku Angonia sawasiya a Frelimo. Amasimba za kukakamizidwa kusiya midzi ya makolo kukakhala m'midzi ya mizere ya boma, mafumu kuchotsedwa mphamvu, kalata yoyendera yomwe ukapanda kukhala nayo pa rodibuloko umaona zakuda, ndi asilikali a boma anjala omwe akafika m'mawa amakumenya kuti bwanji unawaphikira Matsanga usiku, ngati unali ndi mwayi wokana. Ndipo ife a kuno sititulukamo oyera. Oposa mmodzi anandiuza kuti njinga, malata ndi ng'ombe zolandidwa kutsidya zimagulitsidwa mbali ino posinthana ndi mchere, sopo ndi shuga, ndipo ogulawo amadziwa bwino komwe zachokera. Gogo wina akuti anaiona yekha ng'ombe yake ili pa ngolo ya munthu wa kuno, n'kungokhala chete poti anali mlendo wopempha malo.

Novembala mpaka Disembala 2024: ulendo wa ku Ulongue walephereka

Pulani inali yowoloka pa Dedza kukafika ku Ulongue ndi ku Domue, ku Angonia komweko, kukamva kwa omwe anabwerera kwawo pakati pa 1993 ndi 1995, komanso omwe sanathawe n'komwe. Sizinatheke. Mafuta anasowa kuno, minibasi kukwera mtengo kawiri, kabaza naye chimodzimodzi. Kenako zisankho za ku Mozambique za pa 9 Okutobala zinabala ziwonetsero ndi kuwomberana, mpaka mu Disembala anthu anayambanso kuthawira ku Nsanje. Ngakhale mbali inoyi anthu anatseka pakamwa. Mdala yemwe tinapangana kale anandibweza pakhomo, akuti nthawi ino si yotchula Frelimo pa foni ya munthu. Sindinaumirire. Mvula nayo inayamba, anthu ali kumunda, ndipo m'nyumba ya malata mvula ikamagwa palibe chomwe ungajambule.

Ndiye ndinakhala pansi kuyamba kulemba zomwe zili m'mafailo. Abale, ntchito ili apa. Ola limodzi la mawu limandidyera tsiku lathunthu, nthawi zina kuposa, makamaka agogo opanda mano olankhulira pansi. Ndinayesa mapulogalamu osandutsa mawu kukhala zolemba, zomwe amatulutsa pa Chichewa cha agogo a ku Angonia n'zoseketsa, ndinawasiya. Mahedifoni abwinoko K15,000 anathandiza, ndi kuchepetsa liwiro la mawu pa VLC.

Vuto lina ndi Chipwitikizi chomwe chimalowa paliponse, maina a maudindo, a zida, a malo, manambala ndi masiku amene. Ndinapeza mphunzitsi wina wopuma yemwe anaphunzira kutsidyako ali mwana, timakhala limodzi Loweruka, ndimamupatsa K5,000 pa tsiku ndi chakudya, koma amamva kope lodula maina lokha. Ndimalemba mmene munthu wanenera, osakonza kuti chikhale Chichewa cha m'buku, akabwereza katatu ndimalemba katatu, akakhala chete ndimalemba kuti chete.

Januwale 2025: mbali ya olandira alendo

Poti kutsidya sikukupitika ndinatembenukira kwa eni mudzi omwe analandira anthuwa, ndipo ndikanayamba kale. Nkhani zawo zili ndi kukoma mtima ndi kaduka mosakanikirana. Anapereka malo omanga ndi timinda, ena nyumba imodzi mabanja atatu. Koma galimoto za Red Cross zikabwera ndi ufa, nandolo kapena nyemba, mafuta ophikira ndi shuga, zimapatsidwa kwa okhala ndi khadi la othawa nkhondo okha, mwini mudzi yemwe wapereka munda ali ndi njala akungoonerera, makamaka chaka cha chilala chija. Ndiye ambiri akuseka amavomera kuti nawonso analembetsa, ungasiyanitse bwanji poti chilankhulo n'chimodzi, mfunda ndi umodzi. Amadandaulanso za mitengo, akuti mapiri omwe mukuwaona ambee lerowa anali nkhalango anthu asanachuluke.

Apa ndinapezanso mwayi woyesa ngati zokumbuka za agogo zimagwirizana ndi zolembedwa. Mayi wina yemwe anakhalako ku kampu ya kumwera asanabwere kwa abale ake kuno anasimba za matenda omwe anagwira amayi ambiri, khungu kuda n'kumasupuka m'khosi ndi m'mikono momwe mumawomba dzuwa, kutsegula m'mimba, ena mutu kusokonekera, ndipo iye anati zinayamba atasiya kulandira mtedza. Nditafufuza ndinapeza kuti mu 1990 kunabukadi matenda a pellagra pakati pa othawa nkhondo kuno, anthu pafupifupi 18,000, ndipo chifukwa chake chinali chomwecho, mtedza unasiya kubwera anthu n'kumadalira chimanga chokha. Mayiyu sanapite kusukulu, chaka sachidziwa, koma chomwe chinayambitsa anachiloza ndendende. Pa zaka ndi manambala a anthu ophedwa ndimawakayikira agogowa, wina amati 50 wina 300 pa chinthu chimodzi. Pa zomwe zinalowa m'mimba ndi zomwe ananyamula pamutu sindinawapezepo bodza.

Malichi 2025: kubweza mawu kwa eni ake, ndi pomwe tafika

Gogo mmodzi mwa omwe ndinawajambula mu Juni anatisiya mwezi watha. Ana ake anandiimbira kufunsa ngati mawu aja alipo. Zinandifulumizitsa kuchita zomwe ndimazengereza, kugula timakhadi ta 4GB, K5,500 kamodzi, toyesedwa kaye, n'kuika failo ya munthu aliyense kupereka kubanja lake, poti mawailesi ambiri a kumudzi masiku ano ali ndi polowetsa khadi. Koma ndimayamba ndamufunsa mwini wake kuti ana amve zonse kapena kope lodula, ndipo angapo asankha lodula. Bambo wogwidwa ali mnyamata uja anati ndisunge ine, ana ake adzapatsidwe iye atapita.

Ndalama zonse zomwe zalowa mpaka pano zadutsa K600,000, ndipo zoposa theka ndi thiransipoti, kenako shuga ndi sopo. Zida zomwe ndinkada nazo nkhawa poyamba zija ndiye zotchipa pa zonse.

Zolemba zatha mwina gawo limodzi mwa magawo atatu. Ku Ulongue ndikufuna ndipite mvula ikatha anthu atakolola, ngati kutsidyako kukhale bata, ndipo amalume avomera kundiperekeza poti ali ndi abale ku Domue, mlendo wofika yekha ndi maiki sangauzidwe kanthu. Ku Nsanje, komwe kunali makampu akuluakulu ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu ndipo othawa nkhondo anachuluka kuposa eni dera, kukufunika munthu wa Chisena, ine ndikangowononga. Ngati alipo wa kumeneko amene akufuna kuyamba, maiki ndi kadaputala kake ndikhoza kubwereketsa kuyambira Meyi mpaka Julayi, koma khadi mugule yanu ndipo muiyese kaye.